Beseni la Kuseri kwa Mpanda

Msakanizi anali munthu wolungama kuposa onse amene anadyapo malipiro a fakitale ya nsalu ija, koma kulungama kwakeko kunabwera mochedwa, ndipo sikunapulumutse munthu, ngakhale iye mwini. Oweruza anzawo mothamanga amati anali wouma mutu. Sanama, koma sanamalize kunena. Mitu youma ilipo iwiri: wina umauma chifukwa mulibe kanthu, wina chifukwa mwalowa chinthu chimodzi chimene chakana kutuluka.

Dzina lake lenileni anthu anali ataliiwala kalekale. Ntchito yake inali yosakaniza utoto wonyikira nsalu, ndipo ntchitoyo ndiyo inasanduka dzina. Chipinda chake chinali kumapeto kwa holo ya mathanki. Munali sikelo, zitini za ufa wamitundumitundu, ndi fungo lolasa m'mphuno. Wogula akatumiza kachidutswa ka nsalu kuti akufuna mtundu wotere, Msakanizi ankapita nako pawindo, n'kukatembenuza uku ndi uku, n'kuyamba kuyeza ufa osafunsa munthu. Nsalu ikatuluka m'thanki ndi kuuma, ngakhale mwini kachidutswako sakanatha kusiyanitsa.

Koma chimene ankanyadira kuposa luso lakelo chinali manja ake. Onyika nsalu onse anali ndi manja othimbirira mpaka m'zigongono, moti ana awo ankakula osadziwa kuti zikhato za bambo wawo zinabadwa zotani. Msakanizi yekha ndiye anali ndi manja oyera. Ankavala magolovesi aatali asanakhudze chitini chilichonse, ndipo poweruka ankasamba ndi sopo wake wobwera naye kunyumba. "Mmisiri amapaka nsalu," ankatero, "wopaka thupi lake ndi wophunzira."

Anali ndi ntchito ina yachiwiri imene sankaitchula. Lipenga loweruka likalira, iye ndiye ankapotokola gudumu lachitsulo lotsegulira ngalande, ndipo utoto wonse wotha ntchito unkatsikira mumtsinje. Mtsinjewo unkadutsa kumunsi kwa malaini, kutanthauza nyumba za kampani zimene antchito ankagonamo. Mipope ya m'malaini inkatulutsa madzi ikafuna, choncho amayi ankachapa kumtsinje, ana n'kumasamba komweko. Nyumba ya Msakanizi inali yakumapeto kwa laini yoyamba, ya zipinda ziwiri ndi khonde, ndipo anakhalamo ndi mkazi wake kuyambira tsitsi lili bii mpaka kuchita mbuu. Ana awo anali atabalalika kukasaka ntchito kutali. Nyumbayo inali ya munthu malinga ngati ali pantchito. Ofika pa penshoni okha ndiwo ankaloledwa kukhalamobe, koma munthu akachotsedwa ntchito, kiyi ankabwerera ku ofesi.

Bambo ake a Msakanizi anali wonyika nsalu pafakitale yomweyo, m'masiku amene voti inali ya anthu okhala ndi nyumba zawozawo. Lamulo la nthawi imeneyo linkati wopanda katundu alibe chotaya, choncho alibenso chonena. Anthu a m'malaini ankangoonerera eni masitolo ndi eni fakitale akusankhana okhaokha. Anaguba, anamenyedwa, ambiri anachotsedwa ntchito; bambo akewo anathyoledwa nthiti zimene sizinapole bwino mpaka tsiku la imfa yawo. Potsiriza lamulo linasintha. Eni fakitale sanalimbane nalonso poyera. Anali anthu ophunzira, ndipo anazindikira msanga kuti ukampatsa munthu voti koma kiyi wa nyumba yake n'kusunga iwe, sunataye zambiri.

Njira yawo inali yaulemu kwambiri. Aliyense wovota ankanyikidwa chala mu inki yosafufutika, kuti asavote kawiri. M'mawa mwake mwa chisankho chilichonse, mkulu woyang'anira antchito ankaima pageti n'kumapereka moni wapamanja kwa wantchito aliyense, kuwathokoza, amati, chifukwa cha khama lawo. Amene munthu wamuchonga m'kachipinda kovotera sankadziwika, koma aliyense ankadziwa kumene mtima wa malaini umapendekera. Kampani inkangofuna kudziwa amene wapita. Pakutha pa mwezi pankabwera nkhani yoti malonda avuta ndipo antchito achepetsedwa, ndipo mwangozi yodabwitsa, ochotsedwawo ankakhala a zala zakuda. Palibe anauzidwapo kuti wachotsedwa chifukwa cha inki.

Onyika nsalu okha ndiwo ankapulumuka, chifukwa pamanja awo inki sinkaoneka. Apa ndipo panabadwira mwambo wa beseni. M'mawa wa tsiku la moni, kuseri kwa mpanda, pafupi ndi shedi yosungira njinga, pankaikidwa beseni la utoto wofanana ndi inki ija, ndipo osita, olongedza, oyendetsa magalimoto, ngakhale alembi a mu ofesi, ovota ndi osavota omwe, ankanyikamo manja mpaka pamkono. Fakitale yonse inkalowa pageti ndi manja amtundu umodzi. Wosakaniza utoto wa m'besenilo anali Msakanizi, popeza panalibe wina wotha kufananiza mtundu ngati iye. Koma iye mwini sankanyikamo. Sankavotanso. Kubisa chala ankakuona ngati chinthu chonyazitsa mwana wa bambo ake, ndipo kuonetsa chala kukanamudyera nyumba. Choncho anasankha kukhala wopanda chobisa, n'kumadutsa pageti manja ali mbee, mutu uli m'mwamba.

Chaka chimene tikunenachi, pampando wa khansala wa dera la malaini panaima anthu awiri. Wina anali Khansala wakale, yemwe anali pampandowo, amene galimoto yake inkamwa mafuta a kampani. Wina anali Namwino wa pakachipatala ka m'tauni, amene ankanena chinthu chimodzi chokha pamsonkhano uliwonse: kuti khonsolo ikakamize fakitale kukumba maiwe osefera madzi oipa, asanafike mumtsinje.

Masiku omwewo zilonda za m'miyendo ya mkazi wa Msakanizi zinayambiranso, ndipo iye anamuperekeza kuchipatala. Panja panali mzere wa amayi ndi ana okandakanda. Namwino anatsuka zilondazo mosafulumira, ndipo akukulunga bandeji anafunsa osadzutsa mutu:

"Sabata ino mukusakaniza chofiira, eti bambo?"

"Mwamva kwa yani?"

"Kwa miyendo ya ana. Chobiriwira chimangoyabwa, koma chofiira chimasenda khungu. Ndikaona mzere wakhota mpaka kumsewu, ndimadziwa kuti kufakitale kwabwera oda yaikulu."

"Ine ndimasakaniza zimene ndauzidwa," anatero Msakanizi.

"Sindikukuimbani mlandu, bambo. Inenso ndimamanga zimene ndabweretseredwa." Anamaliza kumanga, n'kumupatsa kabotolo ka mankhwala opaka. Polandira, maso a Namwino anagwa pazala zake. "Koma manja anu ngokongola," anatero. "Mumawasamala."

Ananena mopanda chinyengo, monga mmene munthu angayamikirire malaya a mnzake, ndipo n'chifukwa chake mawuwo anamulowa. Chipongwe akanachibweza, chiyamikiro analibe pochiika. Ulendo wonse wobwerera, mkazi wake atatsamira paphewa pake, anayenda dzanja lina lili m'thumba.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chisankho chichitike, m'chipinda chake munalowa anthu awiri. Woyamba anali Kapitawo wa holo ya mathanki, mlongo wa mkazi wake, munthu wonenepa ndi wofatsa, amene moyo wake wonse anauthera pozimitsa moto wa anthu ena. Wachiwiri anali wosita nsalu wina wotchedwa Wailesi, chifukwa pakamwa pake panalibe pozimitsira.

"Achikulire," anayamba Wailesi asanakhale n'komwe, "mafuta athu odzola aja mwayamba kukonza? Mkuja tikufuna tilowe pageti titatchena. Koma chaka chino muthiremo kafungo kabwino. Ulendo watha akazi anga anandigoneka pakhonde, akuti ndikununkha ngati batire lakutha."

"Simuchita manyazi?" anatero Msakanizi, akupukuta sikelo. "Amuna athunthu, ndevu pepeya, kubisa chala ngati mwana woba shuga."

"Manyazi alibe denga, achikulire. Mvula ikagwa sungabisalemo. Ndipo ife, ngakhale tibise, chobisacho tili nacho. Nanga inu mungabise chiyani? Manja anuwo ngoyera ngati a mtembo wosambitsidwa kale."

"Iwe Wailesi, tseka pakamwa," anatero Kapitawo. "Alamu, musamumvere uyu, anabadwa lilime lili patsogolo. Ine ndabwera ndi nkhani ina. Akuluakulu akuti Namwino akapambana, makina onsewa awapakira m'malole, apite nawo kudziko lina kumene mitsinje ilibe oiyankhulira. Sanalembe paliponse, koma andiuza kuti ndizinena. Ndiye ndikunena."

"Ndipo mwakhulupirira?"

"Ine sindilipidwa kuti ndikhulupirire, alamu. Ndikungoti beseni likhalepo monga mwa masiku onse, anthu alowe, tsiku lidutse. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika."

Msakanizi anatenga chitini cha ufa wakuda n'kuchiika pasikelo, ndipo alendowo anamva kuti beseni lidzakhalapo.

Tsiku lachisankho fakitale inagwira ntchito monga mwa nthawi zonse, ndipo panalengezedwa kuti pali oda yofulumira, yokhala ndi malipiro owonjezera kwa osachoka pamakina. Pakhoma la kantini panamatidwa mawu akuti kampani imalemekeza ufulu wa aliyense wokavota pa nthawi yopuma. Lipenga lamasana litalira, ena anazemba awiriawiri kudzera kugeti la malole. Msakanizi anavula magolovesi ake, anawapachika pamsomali, anavala jekete, n'kutulukira pageti lalikulu, mlonda akumuyang'ana kukamwa kuli yasa.

Malo ovotera anali muholo ya sukulu. Anaima pamzere pakati pa amayi a m'malaini, amene anamupatsa njira mwaulemu ndi modabwa. M'kachipinda kotchingidwa ndi nsalu anazindikira kuti nsaluyo inali yonyikidwa ndi utoto wake, ndipo inali itayamba kusuluka m'mphepete, zomwe zinamukhumudwitsa pang'ono. Anachonga pa dzina la Namwino, napinda pepalalo mosamala ngati akupinda kansalu ka wogula. Mayi wa patebulo la inki anafuna kungomukhudzitsa nsonga ya chikhadabo, monga ankachitira ndi anthu a kufakitale powamvera chisoni, koma iye anamiza chala chake chamkombaphala mpaka pamfundo. Atachitulutsa anachiyang'ana padzuwa. Ndi diso lake la ntchito anaona kuti inkiyo inali yakuda yopendekera kofiirira, ndipo anadziwa kale muyezo wa ufa wofanana nayo.

Anabwerera kuntchito, navalanso magolovesi. Masana onse anasakaniza chofiira cha oda ija. Lipenga loweruka litalira, mathanki anali odzaza, ndipo panalibe kwina kotayira. Anapita pagudumu lachitsulo n'kulipotokola monga mwa masiku onse. Chala chimene chinavota ndi chomwecho chimene chinatsegula ngalande. Anaima n'kumamvetsera madziwo akuthamanga pansi pa simenti kulowera kumalaini. Kenako anabwerera m'chipinda chake n'kusakaniza utoto wa beseni, akuyerekeza ndi chala chake chomwe, ndipo sanasakanizepo wofanana bwino chotero chiyambire.

Dzuwa likulowa anafika kunyumba. Mkazi wake anali pakhonde, miyendo yomangidwa ija ataisanjika pakampando. Mayiyo anamuthirira madzi osamba m'manja monga ankachitira tsiku lililonse, ndipo jagi inaima m'malere.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"Mukuchiona, mayi."

"Ndikuchiona. Ndikufunsa kuti n'chiyani." Anaika jagi pansi. "Mawa mukanyika m'beseni."

"Sindikanyika."

Mayiyo anayang'ana mitengo ya mapapaya imene anabzala yekha m'mbali mwa khonde, ndi chingwe choyanikira zovala, ndi khomo limene analipaka utoto wotsala wa kufakitale. Poyankhula, mawu ake anali otsika, kuti oyandikana nawo asamve kudzera pakhoma.

"Zaka zonsezi munali kuti? Pamene ndinali ndi miyendo yotha kusamuka, pamene ana anali pano oti n'kutinyamulira katundu, munkadutsa pageti manja ali mbee, n'kumanyoza anzanu. Lero penshoni yayandikira, ine sinditha kufika ngakhale pamsika, ndiye mwakumbukira kuti ndinu mwana wa bambo anu?"

"Ndachitira miyendo yanuyo."

"Musandinamize, ndipo musadzinamize. Miyendo ndi yanga, ndipo sinakutumeni. Ngati mwavotera miyendo yanga, voti ili kale m'bokosi, palibe angaichotsemo. Chimene mukufuna kukaonetsa pageti si cha miyendo yanga ayi. N'chanu."

Msakanizi anafuna kuyankha, koma anapeza kuti mkazi wake wanena zoona, kapena theka la zoona, ndipo theka linalo analibe mawu olinenera. Anangoti, "Bambo anga sanathyoledwe nthiti kuti ine ndizikavota ngati wakuba."

"Bambo anu anamwalirira m'nyumba ya kampani, denga lili pamutu. Ife tikafera kuti?"

Mayiyo anadzuka movutikira, nalowa m'nyumba, natuluka ndi sopo, mwala wotsukira mapazi, ndi kabotolo ka palafini. Anagwira dzanja la mwamuna wake n'kuliika pamwendo pake, ndipo iye sanakane. Anapukuta, anakhula, anathira palafini, anakhulanso mpaka khungu la m'mbali linafiira ndi kutuluka timagazi. Inki sinasunthe. Anthu a boma anali atagula yabwino. Mayiyo anasiya, koma dzanjalo sanalitaye msanga. Analigwirabe, osalira, mpaka udzudzu unawalowetsa m'nyumba.

M'mawa zotsatira zinali zitamveka kale m'malaini monse. Khansala wakale anali atapambana, ndipo osati mwapang'ono. Anthu ankayenda kupita kuntchito mitu ili pansi, osayang'anana, monga anthu ochokera kumaliro a munthu amene sanamuzonde akudwala. Mkazi wa Msakanizi anamusitira malaya, anamupatsa jekete, ndipo pakhomo anangonena kuti, "Zatha, bambo. Namwino wagwa. Palibenso choti mukaonetse." Iye anagwedeza mutu, osasonyeza ngati akuvomera kapena akukana.

Kuseri kwa mpanda, pafupi ndi shedi ya njinga, beseni linali pampando wothyoka, ndipo Kapitawo anaima pambali pake akufulumizitsa anthu. Aliyense ankapinda malaya, kumiza manja, kuwakutumula, n'kumapita akuwaumitsa mumphepo. Wailesi anali atanyika kale, ndipo ankayesa kuseketsa anzake, koma nthabwala zake zinkagwa pansi ngati zovala zonyowa.

"Achikulire afika! Bwerani muone ntchito ya manja anu. Chaka chino mwaposa, ngakhale mayi anga sangadziwe chala chimene chalakwa." Kenako anaona dzanja la Msakanizi, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire anthu anamuona Wailesi akusowa mawu. Atawapeza anali aang'ono. "Ha, madala. Mwavota chaka chino, pamene ife tachita zina?"

"Zina zotani?"

"Ine ndili ndi ana asanu, achikulire. Makina akapita, ndiwadyetsa nsimbi? Ndinalowa m'kachipinda muja ndili wa Namwino, ndinatuluka ndili wa Khansala. Ndipo si ine ndekha, funsani onsewa."

Palibe anamutsutsa. Msakanizi anayang'ana mzere wa manja onyowawo, ndipo anamvetsa kuti anthuwa ankabisa zala zimene zinavotera mwini geti. Ngakhale pomvera, ankaopabe kuoneka kuti anasankha.

Kapitawo ananyamula beseni ndi manja awiri n'kubwera nalo pamaso pake. "Alamu, nyikani. Palibe adzakusekani, ndikulumbira, woseka ndithana naye ndekha. Mukasamba ndi sopo wanu uja, pakutha pa sabata manja ayeranso. Ganizani za mlongo wanga. Kwanga kuli kale anthu mpaka pakhomo, ndikakuikani pati?"

"Ikani pansi, alamu, mungadzitayire pa ovolosi."

"Ndikukupemphani ngati m'bale."

"Ndamva. Ikani pansi."

Anadutsa, nakaima pamzere wa pageti. Mkulu woyang'anira antchito wa nthawi imeneyo anali mwamuna wachinyamata wotchedwa Tayi, chifukwa ngakhale kutentha kotani sankamasula tayi pakhosi. Anakulira m'malaini momwemo, mwana wa wolongedza nsalu, ndipo kampani ndiyo inamulipirira sukulu. Ankagwira dzanja lililonse lothimbirira, kuliyang'ana pang'ono, n'kunena kuti, "Zikomo, mwagwira ntchito," ndipo chikhato chake chomwe chinali chitada ndi utoto wosauma. Pamwamba pa geti, pawindo la ofesi, panali makatani otsegulidwa pang'ono.

Msakanizi atafika anatambasula dzanja lake loyera, chala chimodzi chili bii ngati chapsa. Tayi sanaligwire. Anayang'ana chalacho, anayang'ana nkhope ya mkuluyo, ndipo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa magolovesi atsopano, aatali, amtundu umene Msakanizi ankaukonda. Zinaoneka kuti mlonda anali atanena kale za dzulo, ndipo Tayi anabwera atakonzeka.

"Bambo," anatero mokweza, kuti mzere wonse umve, "magolovesi amene munapempha aja abwera. Valani pompano tione ngati akukwanani."

"Sindinapemphe magolovesi."

Tayi anasendera pafupi natsitsa mawu. "Bambo, ndinakulira pakhonde panu, mayi aja anandidyetsapo kangati? Ndikukuthandizani ngati mwana wanu. Beseni lanu lija timalidziwa; mukuganiza kuti sitiona ufa ukuchepa musitolo? Panopa akuluakulu alibe nazo ntchito zoti wavota ndani. Apambana kale. Chimene sangalole n'chakuti munthu alowe pageti pano akuchionetsa. Mukavala, ine sindinaone kanthu, iwonso sanaone kanthu, mudzapuma pantchito ndi ulemu wanu, nyumba ili m'manja. Mukapanda kuvala, ndilibe mphamvu. Ali pawindo apo."

Kumbuyo kwake Msakanizi ankamva kupuma kwa Kapitawo, amene anali atamutsatira. Anaganiza za mapapaya, za khomo lopakidwa utoto, za miyendo yomangidwa imene idzayenera kukwera lole ndi kukatsika kumene sakudziwa. Anadziwa kuti mkazi wake sadzamukhululukira, ndipo anadziwanso kuti adzakhala ndi chifukwa chokwanira. Analandira magolovesiwo, ndipo mtima wa Tayi unakhala pansi. Msakanizi anawatembenuza, anayesa kulimba kwa mphira ndi chala chachikulu monga mmisiri, anawapinda bwinobwino chala pa chala, n'kuwabwezera m'manja mwa mwini wake.

"Ngabwino, mwana wanga. Zikomo. Musungire amene akatsegule ngalande madzulo ano."

"Bambo, chonde."

"Ayi," anatero Msakanizi, natambasulanso dzanja lake poyera, pansi pa windo lija. "Ndipatseni moni wanga. Anthu akuchedwa kuntchito."